Tochi imodzi ya ntchito zonse: mmene wamalonda angasankhire yosamudyera mpamba

Pamsika wa Bvumbwe malonda sadikira dzuwa. Alimi a m'madimba amafika ndi madengu a tomato, kabichi, karoti ndi mpiru kudakali mdima, chifukwa opikula a ku Limbe ndi Blantyre amafuna kukweza katundu m'maminibasi oyambirira. Nthawi yomweyo alimi a ng'ombe zamkaka amakhala ali m'khola kukama, ndipo othyola tiyi ali panjira yopita ku maesiteti a ku Thyolo monga Satemwa ndi Naming'omba. M'miyezi ya Juni ndi Julayi dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko n'kulowa isanakwane 5:30 madzulo, ndipo chiperoni chikabwera ndi nkhungu yake, mdima umakhalitsa kuposa apo.

Mumdima woterewu ndi mmene ndalama zimatayikira. Chenje chimabwezedwa chopitirira, tomato woola wa pansi pa dengu amadutsa osaoneka, ndipo ndalama yachinyengo imalowa m'thumba mosavuta. Tochi, kwa wamalonda, ndi chida cha ntchito ngati sikelo.

Kalembera wa anthu ndi nyumba wa 2018 adapeza kuti mabanja oposa theka m'dziko muno amaunikira ndi nyale za mabatire, pomwe pafupifupi 11 okha mwa 100 aliwonse ndiwo amagwiritsa ntchito magetsi. Ngakhale amene ali ndi magetsi a ESCOM sadaiwale kuthimathima kumene kudatsatira namondwe Ana mu Januwale 2022, pomwe siteshoni ya Kapichira idaonongeka ndipo dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Matochi ndi mabatire ambiri a m'misika amachokera kunja, choncho Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yake idakweranso. Kugula tochi yomwe ifa pakatha miyezi iwiri tsopano ndi kuluza kowawa.

Foni si tochi

Ambiri amadalira kanyale ka pafoni. Pofufuza kiyi amene wagwa kamathandiza, koma pa geni kali ndi mavuto atatu. Kamatha batire lomwe likufunika polandira ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Kuwala kwake kumamwazika pafupi, sikufika patali. Komanso foni yoyaka m'manja pakati pa chikhamu cha anthu mbandakucha imaitana akuba, ndipo ikagwera m'matope ndiye kuti nyale, manambala a makasitomala ndi njira yolandirira ndalama zapitira limodzi.

Choyamba ndi batire

Wogula asanayang'ane maonekedwe a tochi, afunse kuti mphamvu yake imachokera kuti. M'misika muno mumapezeka mitundu inayi.

Woyamba ndi wa mabatire otaya akatha, aakulu aja a saizi D kapena aang'ono a AA ndi AAA. Ubwino wake ndi woti mabatire amapezeka pa okala iliyonse, ngakhale kumudzi kumene kulibe magetsi. Kuipa kwake ndi koti ndalama imatuluka sabata ndi sabata. Mabatire otchipa a mtundu wa zinc-carbon satenga nthawi ndipo akatha amachucha madzi amene amadya zitsulo za mkati mwa tochi. Olembedwa kuti alkaline amadula koma amakhalitsa.

Wachiwiri ndi matochi apulasitiki otchaja okhala ndi timano tiwiri tolowetsa pasoketi. Ambiri mwa awa ali ndi kabatire ka mtovu ndi asidi, kofanana kapangidwe ndi batire la galimoto. Kabatire kotere sikafuna kutheratu moto. Kakasiyidwa kopanda moto kwa masabata angapo kamafooka osadzukanso, ndipo nthawi zambiri sikasinthika. Tochi yonse imatayidwa.

Wachitatu ndi wa batire la lithium, makamaka lija lotchedwa 18650. Dzinali likuchokera pa kukula kwake: mamilimita 18 m'lifupi ndi 65 m'litali. Limatchajidwa ndi chingwe cha USB ngati foni, ndipo labwino limapirira kutchajidwa ka 300 mpaka 500 lisanayambe kufooka kwambiri. Likatha mphamvu, munthu amangogula lina, tochi n'kupitiriza ntchito.

Wachinayi ndi wa sola. Apa pafunika kusiyanitsa. Nyale za sola za makampani odziwika monga Sun King ndi d.light zimakhala ndi chotchajira chachikulu bwino ndipo zimathandiza pabenchi ndi kunyumba. Koma kagalasi ka sola kakang'ono ngati bokosi la machesi komatidwa pambali pa tochi kamatulutsa mphamvu yochepa kwambiri, moti m'masiku a chiperoni sikangadzaze batire.

Kwa munthu amene amatha kutchaja foni yake tsiku ndi tsiku kapena pakadutsa masiku awiri, tochi ya 18650 yochotseka batire ndiyo imakwanira ntchito zambiri. Amene amakhala kutali ndi potchajira, yabwino kwa iye ndi tochi ya LED ya mabatire a AA.

Manambala a papaketi

Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mapaketi a matochi amadzaza ndi manambala akuluakulu, ndipo ambiri mwa iwo ndi okopera ogula basi.

Kuchuluka kwa kuwala kumayezedwa m'malumeni. Kandulo imodzi imatulutsa malumeni pafupifupi 12. Powerenga ndalama pabenchi, malumeni 10 mpaka 20 ndi okwanira. Poyenda panjira yakumunda kapena pakati pa mizere ya tiyi, pomwe munthu afunika kuona dzenje kapena njoka, 50 mpaka 150 amachita bwino. Pofuna kuona chimene chagwedeza mpanda wa khola kapena kuseri kwa golosale, 300 mpaka 500 amafika. Katochi kolowa m'thumba kolembedwa malumeni 50,000 kapena 100,000 kakunama.

Bodza lina lili pa batire. Mphamvu imene limasunga imalembedwa ndi zilembo za mAh. Mabatire enieni a 18650 opangidwa ndi makampani akuluakulu sapitirira kwenikweni 3,500 mAh. Lolembedwa 6,800 kapena 9,900 mAh ndi lachinyengo, ndipo kawirikawiri limasunga moto wochepa kuposa lolembedwa 2,500. Kulemera kumaulula: lenileni limalemera magalamu pafupifupi 45, pomwe lachinyengo limapepuka moonekeratu m'manja. Amene ali ndi kasikelo ka digito atha kuliyeza pomwepo.

Masamu ake ndi awa. Batire la 2,500 mAh pa mavoti 3.7 limasunga mphamvu yokwana pafupifupi mawati 9 kwa ola limodzi. Tochi yowala malumeni 100 imadya pafupifupi wati imodzi, ndiye kuti itha kuyaka maola 8 kapena kuyandikira apo. Tochi yomweyo ikakwezedwa pa malumeni 1,000 imadya mphamvu kakhumi, imatentha, ndipo siyikwanitsa ola. N'chifukwa chake tochi yokhala ndi magawo atatu a kuwala, kochepa, kwapakati ndi kwamphamvu, imaposa yowala kwambiri koma yagawo limodzi. Ntchito zambiri za pamsika zimachitika pa gawo lochepa.

Mtundu wa kuwala ndi m'lifupi mwake

Ogulitsa zamasamba ndi zipatso ali ndi chifukwa chawo choyang'anira mtundu wa kuwala. Matochi ambiri otchipa amawala mobiriwira ngati buluu. Pansi pa kuwala kotere, kufiira kwa tomato kumazilala ndipo kusiyanitsa wakupsa bwino ndi woyamba kuonongeka kumavuta. Kuwala koyera kopendekera pang'ono ku chikasu kumaonetsa mitundu pafupi ndi mmene imaonekera masana. Njira yoyesera ndi yapafupi: kuunika tomato, nthochi kapena chitenje chamaangamaanga n'kuona ngati mitundu yake ikuoneka yeniyeni.

Tochi yoponya kuwala kopyapyala patali imasangalatsa poyesa, koma pabenchi imathobwa m'maso ndipo imaunika kadera kakang'ono. Yothandiza ndi yokhala ndi kuwala kwamphamvu pakati ndi kwina kofalikira m'mbali. Mu nkhungu, kuwala kwamphamvu kumabwerera m'maso mwa mwini tochi, choncho poyenda m'chiperoni ndi bwino kuchepetsa kuwala ndi kugwirira tochi m'munsi, cha m'chiuno.

Tochi imathandizanso poyang'ana ndalama zamapepala, makamaka zikuluzikulu monga K2,000 ndi K5,000 imene Reserve Bank of Malawi idatulutsa mu 2022. Kuunika kuchokera kuseri kwa ndalama kumaonetsa chithunzi chobisika m'pepala ndi kachingwe kachitetezo. Chizindikiro chimodzi sichikwanira, choncho ndi bwino kukhudzanso pepalalo ndi kulifananiza ndi ndalama ina yodziwika kuti ndi yeniyeni.

Mvula, matope ndi kugwa

Ku Thyolo chida chosapirira chinyontho sichikhalitsa. Paketi ya tochi yabwino imalemba mlingo wa kupirira madzi. IPX4 ikutanthauza kuti imapirira madzi owaza monga mvula yowaza. IPX7 ikutanthauza kuti itha kumira m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. Ngati palibe cholembedwa, wogula atsegule kumbuyo n'kuyang'ana ngati pali kamphira kozungulira pa mazinga, ndiponso ngati potchajira pali kachivindikiro kothina. Thupi la aluminiyamu limapirira kugwa pasimenti kuposa pulasitiki yopyapyala. Matochi okoka kutsogolo kuti kuwala kukule kapena kuchepe nthawi zambiri amalowetsa madzi ndi fumbi pamalo posunthapo.

M'manja kapena pamutu

Wokama ng'ombe, womanga mitolo ya masamba ndi wowerenga chenje onse amafuna manja awiri. Kwa iwo tochi ya pachipumi ili ndi mwayi waukulu. Vuto lake ndi loti imaunika m'maso mwa kasitomala aliyense amene wayang'anidwa, ndipo malamba ake amatha msanga. Amene akufuna tochi imodzi yokha angasankhe yaing'ono ya m'manja yokhala ndi kopanira, yomwe itha kupanidwa pa chipewa kapena pa kolala. Ikakhala yosalala kumbuyo kuti iziima yokha, kapena yokhala ndi maginito womata pa chitsulo cha shedi, ndiye yakwana. Tochi younika m'botolo loyera lodzaza madzi imasanduka nyale younikira benchi lonse.

Kukula kwake kukhale kolowa m'thumba la epuloni kapena la buluku. Tochi yaikulu yolemera imatsala kunyumba tsiku lomwe ikufunika.

Kuyesa ndalama isanatuluke

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mphindi zisanu pa benchi la wogulitsa zimapulumutsa ulendo wobwerera kudzadandaula.

Wogula ayatse ndi kuzimitsa kakhumi, chifukwa switchi ndiyo imayamba kufa pa matochi ambiri. Aigwedeze ndi kuimenya pang'ono pachikhatho ili chiyakire; ikaphethira ndiye kuti mkati muli polumikiza pofooka. Aisiye iyake mphindi ziwiri kapena zitatu pa gawo lamphamvu kuti aone ngati kuwala kukugwa msanga. Atsegule n'kuona ngati batire likuchoka komanso ngati zitsulo zilibe dzimbiri. Ayese kutchaja ndi chingwe cha foni yake, chifukwa tochi ndi foni zikamagwiritsa chingwe chimodzi, kaya USB-C kaya micro-USB, katundu wonyamula amachepa. Pomaliza afunse lisiti ndi kugwirizana masiku obwezera ikapezeka ndi vuto. Madandaulo a ogula pa katundu wachinyengo amalandiridwa ku Competition and Fair Trading Commission, koma popanda lisiti nkhani imavuta kuiyamba.

Mtengo weniweni umaoneka pa chaka

Mtengo wa pa shelefu ndi gawo chabe. Tochi yodya mabatire awiri pa sabata imadya mabatire 104 pa chaka. Wogula achulukitse mtengo wa lero wa batire limodzi ndi 104, aphatikize mtengo wa tochiyo. Kenako atenge mtengo wa tochi yotchaja, aphatikize ndalama yotchajitsa ngati amalipira pa shopu, mwachitsanzo kawiri pa sabata komwe ndi ka 104 pa chaka. Mayankho awiriwo akaikidwa pamodzi, chisankho chimaoneka chokha. Kwa amene amatchaja kunyumba kapena pa sola yake, yotchaja imabweza ndalama yake mwachangu.

Kusamala batire

Batire la lithium likasewereredwa limatha kuyaka moto. Lisatchajidwe pansi pa pilo, pamphasa kapena pafupi ndi mbaula, ndipo lisasiyidwe pachaja usiku wonse popanda woyang'anira. Lisanyamulidwe lili lokha m'thumba limodzi ndi makobidi kapena makiyi, chifukwa chitsulo chikakhudza mbali zonse ziwiri limatentha nthawi yomweyo. Lotupa, long'ambika chikutiro kapena lotentha kwambiri potchaja lisagwiritsidwenso ntchito. Mabatire otaya achotsedwe mu tochi ikakhala kuti siigwira ntchito kwa nthawi yaitali. Mabatire otha a mtundu uliwonse asaponyedwe pamoto, m'dimba kapena pafupi ndi chitsime, ndipo asasiyidwe poti ana angatole.

Kwa ogulitsa matochi

Amene amapikula matochi ku Limbe kudzagulitsa ku Bvumbwe, Thyolo Boma kapena Luchenza apindula akamayesa katundu asanachoke kwa wopikulitsa, ndi kusunga mabatire ndi zingwe zapadera pambali pa matochiwo. Otchaja amene akhalitsa pashelefu afunika kupatsidwa moto pakapita miyezi ingapo kuti asafe asanagulidwe. Kufunika kwa matochi kumakwera nyengo yozizira pamene usiku watalika, komanso nthawi ya mvula yamkuntho pamene mawaya a magetsi amagwa, monga zidachitikira m'chigawo chakummwera pa namondwe Freddy mu Malichi 2023. Katundu aodedwe nyengozi zisanafike. Kasitomala amene wauzidwa zoona za maola amene tochi imayaka amabweranso kudzagula batire, ndipo amabwera ndi mnzake.