Kodi mfuu wa anthu wamba ungaletse bomba?

Makalata a omvera athu lero akukhudza mpikisano wopanga zida za nyukiliya.

Yoyamba yachokera kwa aphunzitsi ena ku Dedza. Akuti: "Anthu akhala akuchita zionetsero zokana mabomba amenewa kwa zaka zambiri. Chinasinthapo n'chiyani?"

Zikomo aphunzitsi, chosintha chilipo ndithu. Mu 1980, mayi wina wofufuza ku America, Randall Forsberg, analemba pempho lakuti America ndi Soviet Union aime pomwe afikapo: asapangenso, asayesenso, asatcherenso zida zatsopano. Pempholi linafalikira m'matchalitchi ndi m'mabungwe, moti pa 12 June 1982 anthu pafupifupi 1 miliyoni anasonkhana ku Central Park mumzinda wa New York. Ku Britain nako, kuyambira 1981, amayi anamanga misasa pazipata za malo a asilikali a Greenham Common, kumagona m'matope ndi m'chisanu, n'kumapachika zithunzi za ana awo pawaya wa mpanda. Pofika 1987, Ronald Reagan wa America ndi Mikhail Gorbachev wa Soviet Union anasaina pangano lomwe linaphwanyitsa mizinga yoposa 2,600. N'zoona kuti chuma cha Soviet Union chinali chitafooka, koma mfuu wa anthu unapangitsa kuti atsogoleri asathe kuizemba nkhaniyi. Mu 1986 mabomba a nyukiliya analipo pafupifupi 70,000 padziko lonse. Lero atsala pafupifupi 12,000.

Mayi ena a ku Karonga akufunsa: "Ife bomba tilibe. Zikutikhudza pati?"

Mayi, paja amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Miyala yambiri ya uranium ya bomba lomwe linapsereza Hiroshima mu 1945 inakumbidwa ku Shinkolobwe, ku Congo konkuno. Mu 1960 France inaphulitsa bomba lake loyamba m'chipululu cha Algeria, ndipo Ghana ya Kwame Nkrumah inatsutsa kolimba. Mu 1996 maiko a mu Africa anasaina pangano la Pelindaba lokana zidazi, South Africa itaphwasula kale mabomba ake asanu ndi limodzi. Akatswiri amachenjezanso kuti nkhondo ya nyukiliya itabuka, utsi wa mizinda yoyaka ungaphimbe dzuwa, mvula n'kusokonekera, chimanga n'kukanika ngakhale m'minda ya anthu osadziwa chomwe anayambanirana.

Yomaliza ndi ya mnyamata wa ku Chipata: "Ndiye kuti nkhaniyi inatha?"

Ayi achimwene, siinathe. Pangano lija la 1987 linafa mu 2019, ndipo maiko okhala ndi zidazi akuzikonzanso kuti zikhale zamakono. Pangano la United Nations loletseratu zidazi linayamba kugwira ntchito mu 2021, koma eni mabomba sanasaine. N'chifukwa chake mu 2024 mphoto ya Nobel inapita ku Nihon Hidankyo, bungwe la opulumuka ku Hiroshima ndi Nagasaki. Iwowa akalamba tsopano. Achinyamata inu mukakhala chete, atsogoleri adzayesa kuti mwavomereza.

Pitirizani kutilembera. Tsalani bwino.