Kuyenda Pansi M'tauni: Mafunso ndi Mayankho

Kodi kamangidwe ka dera kakukhudzana bwanji ndi matenda?

Munthu sayenda chifukwa adokotala anena. Amayenda chifukwa kumene akupitako n'kufupi. Msika, sukulu, chigayo ndi chipatala zikakhala pafupi ndi nyumba, thupi limalimba mwiniwake asakudziwa n'komwe. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Ndawala ya mphindi 30 kwa masiku asanu, mwakwanitsa. Kuyenda kotereku kumathandiza kupewa shuga, BP, sitiroko ndi matenda a mtima.

Koma Amalawife timayenda kale. Tiyendenso kangati?

Zoona, amene amalawirira wapansi kuchoka ku Ndirande kupita kuganyu safuna uphungu wa zolimbitsa thupi. Vuto lake ndi lina. Akuyenda m'mphepete mwa phula, minibasi ikumupemerera mphepo, njinga yamoto ya kabaza ikumuimbira hutala kumbuyo, utsi ndi fumbi zikulowa m'chifuwa. Dzinja likafika alumphe ngalande zotsekeka, momwe udzudzu ukuswana. Usiku ndiye mdima ndi achifwamba. N'chifukwa chake munthu akangopeza kangachepe, choyamba kusiya ndi kuyenda pansi, ndipo pakapita zaka mimba yatsogola, BP yakwera. Sitingamunene kuti ndi waulesi. Msewu ndi umene unamuthamangitsa.

Nanga n'chifukwa chiyani ku Lilongwe kulikonse n'kutali?

Anaumanga choncho. Mzindawu unakhala likulu mu 1975, ndipo okonza mapulani anagawa malo m'ma Area otalikirana: maofesi ku City Centre, malonda ku Old Town, mafakitale ku Kanengo. Wa galimoto sadandaula. Wa ku Area 25 ndi amene amaudziwa mtundawo.

Kodi kukonza zimenezi sikufuna ndalama zankhaninkhani?

Zina ayi. Kanjira ka oyenda pansi kotalikirako ndi phula, mahampu ndi malo owolokera pafupi ndi sukulu, magetsi a sola, mitengo ya mthunzi. Mitengoyo musaipeputse, pakuti dzuwa la Okutobala limabweza ngakhale wofunitsitsa kuyenda. Liwiro nalonso: pamene anthu ndi galimoto zikusakanikirana, WHO imalimbikitsa makilomita 30 pa ola, chifukwa wogundidwa pa liwiro limeneli kawirikawiri amapulumuka.

Ine ndingachitepo chiyani?

Msewu ukamakonzedwa kwanuko, pitani kwa akhansala kapena amfumu mukafunse kuti mwana wa sukulu ndi agogo a ndodo adzadutsa pati. Funsani phula lisanathiridwe.