Akuti ndalemera mopitirira, chonsecho ndimakhalira kupalasa

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 24. Ndimapalasa kabaza kuchokera pa boma la Mchinji kukafika kuchipata cha Mwami, ndipo Loweruka ndimamenya mpira. Kuchipatala atandiyeza anati BMI yanga ndi 27, kutanthauza kuti ndalemera mopitirira. Msinkhu wanga ndi mamita 1.70, kulemera makilo 78. Kodi ndisiye nsima yamadzulo?

Wodandaula, Mchinji

Mwanangu,

Nsima usaisiye, koma nambalayo usaitayenso. Achipatala sanalakwitse masamu: anachulukitsa 1.70 ndi 1.70, n'kugawa makilo 78 ndi zotsatirazo, yankho 27. Bungwe la WHO limati pabwino ndi kuyambira 18.5 mpaka 24.9, kuyambira 25 ndiye kulemera mopitirira, pomwe kuyambira 30 ndi kunenepa kodetsa nkhawa. Koma Adolphe Quetelet wa ku Belgium, amene anayambitsa masamuwa m'zaka za m'ma 1830, ankawerengera anthu ambiri pamodzi, osati kupima thanzi la munthu mmodzi. Sikelo ya wogula mbewu pa Kamwendo imangotchula makilo; siidziwa ngati m'thumba muli mtedza kapena miyala. BMI nayo siisiyanitsa mafuta ndi mnofu, ndipo mnofu umalemera kuposa mafuta ofanana nawo kukula. Ntchafu zokweza munthu ndi katundu wake pachitunda tsiku ndi tsiku zikhoza kukufikitsa pa 27 wopanda mimba yolendewera.

Wina anganene kuti ndiye muyezowu ndi wachabechabe. Ayi ndithu. Kwa anthu ambiri osagwira ntchito yathukuta, BMI ikakwera mafuta amakhala akweranso, ndipo ikatsika pansi pa 18.5 imathandiza achipatala kuzindikira msanga wodwala TB kapena HIV amene thupi likutha. Komanso mawu oti "ndine wamasewera" ambiri amabisaliramo, pomwe mafuta a pamimba, amene amakokera munthu ku shuga ndi BP, akuunjikana mwakachetechete ngakhale mwa ooneka ochepa thupi. Choncho bwereka tepi kwa telala, utulutse mpweya, uyeze mimba modutsa pamchombo. Isafike theka la msinkhu wako, ndiye kuti masentimita 85. Ikachepera pamenepo, ndipo BP ndi shuga zikapezeka zili bwino, idya nsima yako ndi nyemba ndi masamba mtima uli m'malo. Ikapitirira, yamba kudula zakumwa zotsekemera, tchipisi ndi mowa, osati nsima, chifukwa njinga yamawa ikufuna nsima ya usiku uno.

Azakhali