Mwala Umene Umasunga Zaka

M'malire a dziko la Uganda ndi Congo muli mapiri otchedwa Rwenzori. Nsonga yake yaitali, ya Margherita, ndi yotalika mamita 5,109. Pamwamba pake pamazizira kwambiri moti madzi amakhala oundana chaka chonse. Madzi oundanawo akachuluka amatsetsereka m'zigwa pang'onopang'ono, akugumula mathanthwe ndi kutenga miyala. Akasungunuka, miyala ija imatsala pamene anathera, itandandalika m'mizere.

M'chigwa cha Mubuku mizere yotere ili kumunsi, m'nkhalango, kumene lero kulibe madzi oundana. Ndiye kuti kale ankafika kumeneko. Nanga zinachitika liti? Yankho lili m'miyala momwemo.

Usana ndi usiku dziko limawombedwa ndi cheza chosaoneka chochokera kutali kuthambo. Anachitulukira ndi Victor Hess wa ku Austria mu 1912, atakwera m'mwamba pa chibaluni. Cheza chimenechi chikamenya mwala woyera wolimba wotchedwa quartz, chimaswa tizidutswa take tating'ono kwambiri, timene asayansi amati maatomu. Pakusweka kumeneko pamapangika atomu ya mtundu wina, ya beriliyamu-10. Maatomu amenewa amapangika ochepa zedi: m'mbali mwa nyanja yamchere, pafupifupi 4 okha pa chaka mu galamu imodzi ya quartz. Paphiri amapangika ambiri, chifukwa mpweya wotchinga cheza ndi wochepa.

Apa mumvetsetse bwino. Cheza sichilowa patali. Chikadutsa mamita awiri kapena atatu a thanthwe, mphamvu yake imakhala itatha pafupifupi yonse. Choncho mwala umene wagumulidwa mkati mwa phiri, n'kukwiririka ndi madzi oundana, umakhala wopanda beriliyamu-10. Umayamba kumulandira pamene madziwo ausiya pamtetete. Zili ngati ndowa yopanda kanthu imene mwaika pansi pa denga lodontha. Mukadziwa madontho amene amagwa pa ola limodzi, madzi a m'ndowamo akuuzani nthawi imene ndowayo yakhalapo.

Asayansi amakwera phiri ndi hamala ndi tchizulo. Amasema pamwamba pa mwala waukulu, n'kulemba kutalika kwa malowo. Ku labotale amapera zidutswazo, amazitsuka ndi asidi kuti patsale quartz yekha, kenako makina apadera amawerenga maatomu aja. Akagawa chiwerengerocho ndi maatomu amene amapangika pamalopo pa chaka, amapeza zaka.

Komatu mwala umatha kusokeretsa munthu. Ngati unagubuduka n'kutembenuka, kapena unakhala nthawi utakwiririka ndi dothi, umaonetsa zaka zochepa. Ngati unakhalapo kale pamtetete madzi oundana asanautenge, umaonetsa zaka zochuluka. N'chifukwa chake wofufuza wosamala sakhulupirira mwala umodzi. Amasema miyala ingapo pamzere umodzi, n'kuona ngati ikugwirizana. Kusamala kumeneku n'kumene kumachititsa kuti ntchitoyi ikhale yodalirika.

Mu 2014 Meredith Kelly wa ku Dartmouth College ku America ndi anzake anafalitsa zimene anapeza ku Rwenzori. Miyala ya m'mizere ya m'chigwa cha Mubuku, kufupi ndi nyanja ya Mahoma, inasiyidwa zaka zoposa 20,000 zapitazo. Nthawi yomweyo madzi oundana anali atakuta Canada ndi kumpoto kwa Ulaya. Kuzizira kumene kunagwira maiko amenewo kunafikanso pakati penipeni pa Africa.

Tikambirane: N'chifukwa chiyani mwala umene unatembenuka umaonetsa zaka zochepa?