KANGAUDE WOLUMPHA NDIYE MLONDA WA DIMBA

Alimi, musaphe kangaude waubweya amene alumphalumpha pa masamba a repu. M'madimba a ku Kanyama ndi ku Chawama, monganso kumudzi, iye ndiye mlonda wosalira malipiro.

Akangaude olumpha alipo mitundu yoposa 6,000. Ena akuluakulu mwa iwo ndi a fuko la Hyllus, dzina limene C. L. Koch anawapatsa m'caka ca 1846, ndipo apezeka mu Africa ndi mu Asia. Muwazindikire ndi maso: ali nao 8, koma awiri akutsogolo ndiwo akulu koposa. Sachera ukonde ai. Azembera, nalumphira nchenche ndi tizilombo toononga mbeu.

Mankhwala opopera mosasamala apha mlonda pamodzi ndi mbala. Cifukwa cace yambani mwayang'ana masamba musanapopere.