Mafunso ndi Mayankho: Gwero la mawu akuti hallow

Wowulutsa: Kalata yoyamba yachokera ku Mtiya, mumzinda wa Zomba. Mayi wina akufunsa kuti: "Pa mapemphero a Chingerezi timatchula mawu akuti hallowed m'Pemphero la Ambuye, koma kunja kwa tchalitchi sindinawamvepo. Anachokera kuti?" Aphunzitsi, mutithandize.

Aphunzitsi: Zikomo mayi. Mneni wake ndi hallow, kutanthauza kuyeretsa kapena kupatulira Mulungu. Zaka zoposa 1,000 zapitazo Angerezi ankati halgian, kuchokera ku halig, amene lero ndi holy. Mawuwa ndi apachibale ndi whole, heal ndi health, zomwe zikusonyeza kuti kwa makolo awo chinthu choyera chinali chathunthu, chopanda chilema. Ajeremani ndi Adatchi mpaka pano amati heiligen.

Wowulutsa: Nanga anazimirira bwanji?

Aphunzitsi: Mu 1066 Anormani anagonjetsa England, ndipo mawu a Chifalansa ndi Chilatini anasefukira m'Chingerezi. Mmenemo munadzera sanctify, amene pang'onopang'ono analanda malo. Hallow anapulumukira m'pemphero, chifukwa William Tyndale anawasunga pomasulira Chipangano Chatsopano mu 1526, ndipo Baibulo la King James la 1611 linatsatira pa Mateyu 6:9. Pemphero loloweza pamtima silisintha msanga.

Wowulutsa: Mnyamata wa ku Mtiya komweko akuti amaona Halloween pa Facebook. Pali ubale?

Aphunzitsi: Ulipo ndithu, achimwene. Kale hallow ankatanthauzanso munthu woyera mtima. Tsiku la Oyera Onse, pa 1 Novembala, linkatchedwa All Hallows, ndipo Halloween ndi chidule cha dzina la madzulo a pa 31 Okutobala. Dzinalo ndi la m'tchalitchi, ngakhale lero anthu amangodziwa za zigoba ndi zovala zoopsa.

Wowulutsa: Nanga kwathu kuno?

Aphunzitsi: Ife tili ndi mitsinje iwiri. Kuyeretsa kumachokera ku kuyera, ngati ufa kapena nsalu yochapa. Kupatula ndi kuika padera. Onani maina a mabaibulo athu: Buku Lopatulika la 1922 ndi Buku Loyera la 1998. Mawu athuwa akadali amoyo, timawayankhula kumunda ndi kudambwe komwe.