Mafunso ndi Mayankho: Soketi ya M'bafa

Lero ndiyankha makalata awiri ochokera kwa Mfumu Kaomba ku Kasungu.

Yoyamba yachokera kwa bambo wina wolima fodya. Akuti: "Nditagulitsa fodya ku Chinkhoma ndamanga nyumba ya bafa la mkati. Ndimafuna soketi m'bafamo kuti ndizimeta ndevu, koma wolumikiza magetsi wakana. Chikhalirecho kumalo ogona alendo pa Boma ndinaiona. Kodi akundinamiza?"

Ayi bambo, mmisiri ameneyo akukufunirani moyo. Magetsi a ESCOM amafika m'nyumba ndi mphamvu ya mavolti 230, ndipo waya wake mmodzi amalumikizidwa kunthaka. Mukakhudza waya wamoto mutaponda simenti yonyowa, magetsi amadutsa m'thupi mwanu kulowa pansi. Khungu lonyowa siliwatchinga kwenikweni. N'chifukwa chake soketi wamba siyenera kukhala m'bafa.

Imene munaiona ija ndi ya mtundu wina. Mkati mwake muli kathiransifoma ka makoyilo awiri osakhudzana, ndipo mphamvu imawoloka mwa maginito. Mbali yomwe mumalowetsa pulagi siinalumikizidwe kunthaka, choncho mukakhudza waya mmodzi magetsi amasowa njira yobwerera. Koma mvetsetsani: mukakhudza mawaya onse awiri, akugwirani ndithu. Komanso soketiyi imangokwanitsa mawati pafupifupi 20, okwanira kamashini kometera ndevu basi. Ketulo, ayironi ndi choumitsira tsitsi zimadya mawati oposa 1,000, musayerekeze kulumikizapo. Mukaifuna, muuzeni mmisiriyo kuti akuikireni ya thiransifomayo.

Kalata yachiwiri ndi ya mnyamata wometa anthu. Akuti: "Makasitomala akudandaula kuti mashini anga akumawagwira pang'ono m'khosi. Ndigule soketi ya thiransifomayi?"

Achimwene, soketiyo ingobisa vuto, siilichotsa. Zulani mashiniwo lero lomwe, musametenso nawo munthu. Kawirikawiri chingwe chimakhala chitasupuka polowera m'mashini, kapena mawaya a mkati atapsa. Chingwe chotere sinthani chonse, osamanga ndi pulasitiki. Kenako itanani mmisiri wa chiphaso cha MERA adzayeze waya wa ethi, adzaikenso bureka yozimitsa yokha magetsi akayamba kuthawira pansi, ya 30 mA. Kugwira pang'ono kumeneko ndi chenjezo. Tsiku lomwe munthu adzakhale pampando wanu atanyowa ndi mvula, kukhoza kupha.

Pitirizani kutilembera. Tidzakumananso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi.